Chenjezo kwa makolo a mu Zomba: mukupha ndi njala tizilombo tabwino m'mimba mwa ana anu

Ana anga, ndiloleni ndikudzudzuleni, chifukwa zimene ndikuona zikundiwawa mumtima. Lachiwiri m'mawa ndinali pa Chinamwali kudikira minibasi. Pambali panga panaima mayi wachitsikana ndi kamwana kake ka yunifolomu, ka zaka ngati 7. M'manja kanali ndi mandasi awiri, mafuta atanyowetsa pepala mpaka kuonekera kuseri, ndi botolo la chakumwa cha shuga. Kadzutsa wake anali yemweyo. Nditafunsa za phala, mayiyo anayankha mwaulemu ndithu kuti, "Agogo, la mgaiwa amakana, ndiye titani?" Kodi mwana wa Sitandade 2 ndiye azilamula mphika pakhomo?

M'matumbo aakulu a munthu aliyense mumakhala mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso, ochuluka kuposa anthu onse a padziko lapansi, ndipo ambiri mwa iwo ndi otithandiza. Chakudya chawo ndi zija mimba yathu payokha imalephera kugaya: madeya a mu mgaiwa, makoko a nyemba ndi nandolo, mitsitsi ya mu nkhwani ndi chisoso. Akazidya amatulutsa timadzi timene timadyetsa khoma la matumbo ndi kuletsa kutupa. Shuga ndi ufa woyera zimayamwidwa kumtunda, moti kumunsi kumene kuli tizilomboti sikufika kanthu. Asayansi atamana mbewa zakudya zokhakhalazi anaona tizilombo tanjala titayamba kudya chinanda choteteza khoma la matumbo mpaka kupyapyala. Mafuta nawo akachuluka, thupi limathira ndulu yambiri, ndipo mitundu ina ya mabakiteriya imasandutsa nduluyo kukhala zinthu zoyabwa matumbo.

Musaganize kuti zimenezi zimadikira ukalamba. Mu 2015, Dr Stephen O'Keefe wa ku Pittsburgh anafalitsa kafukufuku amene anasinthanitsa chakudya pakati pa anthu akuda 20 a ku America ndi anthu 20 a kumidzi ya KwaZulu-Natal ku South Africa. Masabata awiri okha! Aja ozolowera chimanga ndi nyemba atadyetsedwa zokazinga ndi nyama zonona, m'matumbo mwawo munayamba kuoneka zizindikiro zimene madokotala amaziopa pa khansa ya m'matumbo. Aja a ku America atadya zakumudzi, zizindikiro zomwezo zinatsika.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Mu 2012 akatswiri anayerekeza matumbo a anthu a kumidzi ya kuno ku Malawi ndi a m'mizinda ya ku America, napeza kuti Amalawi anali ndi mitundu yambiri ya tizilomboti. Chuma chimenecho tinali nacho ife, chochokera ku futali, chigwada, therere, khobwe ndi thobwa. Lero mukuchitaya poopa kuti anzanu aku ofesi anena kuti kwanu kwavuta akaona nsima ya mgaiwa. Mwana akabwera kuchokera kusukulu mukumupatsa ndalama ya pachiwaya, akadye tchipisi chokazingidwa m'mafuta akuda bii, owiritsidwa kuyambira dzana. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Za shuga ndiye musachite kunena. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire masipuni aang'ono 12 patsiku, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Botolo limodzi la 300ml la zakumwa zambiri zoziziritsa kukhosi lili kale ndi masipuni pafupifupi 8. Onjezerani atatu a mu tiyi, mafilizesi a pa buleki, masiwiti a pa okala. Kamwana kaja ka pa Chinamwali kanali katadutsa kale muyezo wabwino wa munthu wamkulu belu loyamba lisanalire. Kenako mudabwe mwana akudzimbidwa masiku atatu, mimba ili gwa, inu n'kuthamangira kukagula makapisozi popanda dokotala. Makapisozi amenewo amapha tizilombo tabwino pamodzi ndi toipa, ndiye mwawonjezera bala pa bala.

Nanunso abambo, musaloze amayi okha chala. Ndimakuonani madzulo pa kanyenya, mukusankha dala chonona, kunyumba mwasiya nyemba mukuti ndi ndiwo za kundende. Mwana amatengera mbale ya bambo ake.

Sindikukuletsani mafuta, thupi limawafuna, ndipo nsinjiro ndi mapeyala ali nawo abwino. Komanso Zomba si malo oti munthu n'kusowa chodya chabwino. Lowani mumsika waukulu muone milu ya bonongwe, nthochi, magwafa, mbatata, matemba a ku Chilwa, ndi zipatso zotsika kuphiri. Mtengo wa botolo limodzi lija ukhoza kugula masamba a banja lonse. Mwana wokana phala muthirireni nsinjiro, mukhale naye pansi mudye limodzi, mawa mubwerezenso. Ndipo mukapita kuchigayo Loweruka lino, ndowa imodzi musakonole, igayitseni mgaiwa.