Lekani kuitcha sukulu yaulere

Ndakwiya, ndipo lero ndilankhula. M'mawa uno pa gulu lathu la abale la WhatsApp, amalume ena atumiza uthenga wa mawu wautali kulangiza achemwali anga amene ali ku America. Akuti mwana wawo akamalowa koleji chaka chamawa alembetse ROTC. Akuti, "Imeneyo ndi sukulu yaulere, asilikali alipira zonse, ndiye ndalama ya fizi muzitumiza kuno timalize nyumba ya agogo." Pansi pake anthu n'kumaponya timanja towomba, wina mpaka kulemba kuti Ameni.

Yaulere? Amalume, ulemu wanu ndikuudziwa, koma ulerewo mwauona pati?

Kwa amene simukuidziwa, ROTC ndi dongosolo la ku America loti mwana ali pa yunivesite, akuphunzira digiri yake, kaya ya uinjiniya kaya ya unamwino, koma uku akusulidwa kuti akhale ofesala wa asilikali. Akamaliza digiri amamuveka udindo wa second lieutenant. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1916, ndipo chaka chotsatira America analowa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Chaka chokhacho chikuuzeni cholinga chake. Boma lija silinachite msonkhano wolirira makolo osowa fizi. Linkafuna maofesala, ndipo mpaka lero likufuna maofesala.

Fizi amalipiradi, kwa amene wasankhidwa, pakuti ndi mpikisano. Ya mabuku amapereka. Ku Army, gulu la asilikali a pamtunda, kumakhalanso kangachepe ka madola 420 pamwezi. Zonsezi n'zoona, ndipo ndi pamene makutu a amalume anathera kumva. Chimene sananene n'chakuti mwanayo amasaina pepala. Papepalapo pali zaka 8 za moyo wake, zoyamba kuwerengedwa akamaliza digiri. Ambiri amagwira zaka 4 ali msilikali usana ndi usiku, zina 4 ali pa mndandanda wa amene angaitanidwe. Amene akufuna kuyendetsa ndege za Air Force, ndi zaka 10 akamaliza kuphunzira kuulutsako. Mwana wa zaka 17 akasaina lero, ngongoleyo adzaimaliza ali ndi zaka pafupifupi 30.

Ngongole ndithu. Ndalama alandira lero, adzabweza ndi thupi. Mukaitcha yaulere mukunama.

Chaka choyamba amakulola kulawa n'kutuluka opanda mlandu. Ukangolowa chaka chachiwiri uli pa thandizo lawo, chitseko chatsekeka. Ukalephera mayeso, ukasintha maganizo, ukachita za uchitsiru n'kuchotsedwa, akhoza kukuuza kuti ubweze ndalama yonse imene anakulipirira, apo ayi ukagwire usilikali wamba, wopanda udindo uja. Tandiuzeni, ndi mphatso yanji imene mwini wake amakutsata nayo kuti ubweze?

Ndipo musaganize kuti kubwezako kumayamba akamaliza sukulu. Anzake ali m'bulangete m'nyengo ya chisanu, iye wadzuka kuli mdima kukathamanga. Tsiku lina pa sabata ali mu yunifolomu ndi majombo. Sikelo imamuyeza, akanenepa ndi nkhani. Tchuthi cha pakati pa chaka chachitatu ndi chachinayi, pamene anzake ali ku makampani kuphunzira ntchito n'kumadziwana ndi mabwana a mawa, iye, ngati ndi wa Army, ali ku kampu ya asilikali ya Fort Knox ku Kentucky kupitirira mwezi, chikwama kumsana, mfuti m'manja, kugona kutchire. Akamaliza, kumene akakhale sasankha yekha. Amalemba zokhumba zake, koma mawu omaliza ndi a asilikali. Akati Korea ndi Korea. Akati kumene kukulira mfuti, anyamula chikwama.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndikudziwa wina abwera ndi dzina la Colin Powell, chifukwa nthawi zonse nkhani ya ROTC ikayamba dzinali limatuluka. Inde, anali mwana wa anthu ochokera ku Jamaica, analowa ROTC pa City College of New York, anavala udindo mu 1958, n'kudzakhala mkulu wa asilikali onse a America mu 1989 ndi nduna ya zakunja mu 2001. Koma mukamanena zimenezo muzinenanso kuti anapita ku Vietnam kawiri. Ulendo woyamba anaponda chisonga cha nsungwi chimene adani anatchera, chinamubaya phazi. Ulendo wachiwiri helikopita imene anakwera inagwa. Anakhala mu yunifolomu zaka 35. Iyeyo ankaukonda usilikali, anaufuna yekha. Palibe malume amene anamukankhira kuti nyumba ya kumudzi ifoleredwe.

Sindikunyoza usilikali, musandipotozere mawu. Ife a Malawi ndiye sitiyenera kuuzidwa tanthauzo la yunifolomu. Mu November 2018 asilikali athu 6 anafera kufupi ndi Beni ku DRC. Mmodzi wa iwo, Chancy Chitete, anaphedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu 2019 bungwe la United Nations linapereka mendulo yake kwa banja lake. Amene analandira ndi mkazi wamasiye. Ntchito yake ndi imeneyo, kaya ku MAFCO ku Salima, kaya ku Kentucky. Ndi ntchito yaulemu, ndipo n'chifukwa chake zikundinyansa kuimva ikutchulidwa ngati njira yozembera fizi.

Fizi ku America n'njokwera, kwacha yagwa, aliyense wapanikizika, zonsezo ndikuzidziwa. Koma mavuto sapatsa munthu chilolezo chogulitsa zaka za mwana wa mnzake.

Chimene chandiwawa kwambiri n'chakuti mwanayo ali pa gulu lomwelo. Ndaona kuti uthengawo waumvetsera. Sanayankhe kanthu. Ayankha bwanji, agogo ake aamuna alankhula, azakhali awomba m'manja? Ndi mwana wofatsa, wokonda kumasula makompyuta akale n'kumawamanganso, amene akabwera kuno amathawa nkhuku ikamaphedwa. Mwina usilikali akuufuna, mwina ayi. Pa anthu onse aja palibe ndi mmodzi yemwe amene wamufunsa. Akuwerengetsa kale matumba a simenti pamutu pake. Akafuna yekha, atawerenga pepala lonse mpaka timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi, ine ndidzakhala woyamba kuimba nthungululu tsiku lovekedwa udindo. Koma alowe akudziwa kuti akulipira, ndipo akulipira zodula kuposa ndalama.

Ndiye pabweranso asuweni ena kufunsa ngati mwana wawo amene walemba MSCE chaka chino angalembetse ali konkuno. Mwaona kuipa kwa bodza? Layamba kale kubala ana. Thandizo la fizi la ROTC n'la nzika za America. Pasipoti yathuyi silowa. Mawa mumva kuti kwatuluka ka ejenti kotolera ndalama za mafomu, anthu agulitsa mbuzi, pamapeto pake foni yazimitsidwa. Ku Britain kuli dongosolo lofananako la ophunzira a pa yunivesite, la University Officers' Training Corps, limene silikumanga kuti udzalowe usilikali. Koma limenelonso silikulipirira digiri yako. Kulikonse kumene mungapite, amene walipira fizi yonse akufuna kanthu.

Si yaulere. Sinakhalepo yaulere. Lekani kuuza ana kuti ndi yaulere.

Ndipo poti nkhani yafika pa nyumba ya agogo, tiyeni tiikambe. Njerwa anaumba ndi ndalama ya achemwali. Malata anagula ndi achemwali, theka lake n'kusowa, mpaka lero palibe amene akudziwa kumene anapita. Msonkhemsonkhe ukalengezedwa pa gulu, anthu omwe aja owomba m'manja amasanduka osalankhula, ena bandulo imawathera tsiku lomwelo. Koma nzeru za mmene ana a eni akhalire moyo wawo ndiye zimabwera m'mauthenga aatali ngati ulaliki. Amalume, ana anu aamuna alipo, athanzi, masukulu anamaliza. A MDF akamalengeza zolemba maofesala, mafomu awo mumawabisa kuti?