Eni sitima za mafuta akulemera ndi mtunda

Mitengo yonyamulira mafuta panyanja ikangokwera, pamatuluka akatswiri a pa intaneti n'kumati dziko lili ndi ludzu la mafuta, ndiye eni sitima zinthu zawayendera. Ine pamenepo ndimakana. Chomwe chadzaza matumba a eni sitima zonyamula mafuta osayenga zaka zapitazi ndi mtunda, ndipo mtundawo wabwera ndi nkhondo, ziletso ndi mantha.

Mwini sitima sasamala kwenikweni kuti mafuta adula kapena atchipa. Iye amawerenga masiku omwe sitima yake yatanganidwa. Chimphona chomwe amachitcha VLCC chimasenza migolo pafupifupi 2 miliyoni paulendo umodzi, Suezmax imatenga theka lake, Aframax imachepera pamenepo. Tsono taonani: mgolo wochoka padoko la Primorsk ku Russia kupita ku Rotterdam ku Netherlands umakhala m'sitima masiku osakwana sabata. Mgolo womwewo ukalunjika ku India umagona m'sitima pafupifupi mwezi wathunthu, kenako sitimayo ibwerere yopanda kanthu mwezi winanso. Mafuta ndi omwewo, sanaonjezekere ndi dontho lomwe, koma sitima zofunika pa ntchitoyo zachuluka kangapo. N'chifukwa chake anthu a malondawa amachulukitsa matani ndi mamailosi akafuna kudziwa ngati msika uli wathanzi.

Izi ndi zomwe zidachitika Russia italowa ku Ukraine mu February 2022. Pa 5 December chaka chomwecho mayiko a European Union adasiya kulandira mafuta osayenga a ku Russia odzera panyanja, ndipo mayiko olemera a G7 adaika malire a madola 60 pa mtengo wa mgolo wa mafuta a ku Russia. Mafuta a ku Russia sadasiye kutuluka m'zitsime. Adangosintha njira, n'kuyamba ulendo wautali wa ku India ndi ku China. India, yemwe kale ankangolawa mafuta a ku Russia, adafika potenga kumeneko pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mafuta onse omwe amaitanitsa kunja. Nawo mayiko a ku Ulaya adayamba kukatunga kutali: ku America, kumadzulo kwa Africa, ku Brazil, ku Middle East. Aliyense adasiya chitsime chapakhomo n'kukatunga kutsidya. Wopindula ndi mwini ndowa.

Kenako mu November 2023 a Houthi a ku Yemen adayamba kuwombera sitima pa Red Sea, ndipo zambiri zidayamba kuzungulira ku Cape of Good Hope, ulendo n'kutalika ndi masiku khumi kapena kuposa. Apa ndinene chilungamo, chifukwa anthu amakokomeza: VLCC yodzaza sidutsa pa ngalande ya Suez yolumikiza Red Sea ndi Mediterranean, inkazungulira kale ndi kale. Zomwe zidakhudzidwa kwambiri ndi sitima zapakatikati komanso zonyamula dizilo ndi mafuta ena oyenga. Komabe tsiku lililonse lowonjezera panyanja limachotsa sitima imodzi pamzere wa zoyembekeza katundu.

Pali mtunda wina womwe sudabwere ndi mfuti, ndipo uwu ndimauvomera kuti ndi wokhazikika. America idachotsa chiletso chake chogulitsa mafuta osayenga kunja mu December 2015, ndipo pofika 2023 inkatumiza migolo yoposa 4 miliyoni patsiku. Guyana idayamba kukumba mafuta mu December 2019. Brazil ikuonjezera. Zitsime zatsopano zili mbali ya Atlantic, pamene makasitomala akuluakulu ali ku Asia. Ulendo wochoka ku Texas kupita ku China ndi wautali kuposa kuwirikiza kawiri wochoka ku Saudi Arabia. Chodabwitsa n'chakuti OPEC+, gulu la mayiko ogulitsa mafuta lotsogozedwa ndi Saudi Arabia ndi Russia, ikachepetsa mafuta ake, nthawi zina dzenjelo limakwiriridwa ndi migolo yoyenda mtunda wautali chonchi.

Koma amene akuganiza kuti mitengo yokwera ndi chizindikiro cha mtendere wa bizinesi akumbukire 2020. Mu March ndi April chaka chimenecho, Covid itaimitsa ndege ndi magalimoto, Saudi Arabia ndi Russia ali pa mkangano wa mitengo, VLCC imodzi inkapanga madola oposa 200,000 patsiku. Dziko silinkafuna mafuta m'pang'ono pomwe. Pa 20 April mtengo wa mafuta a ku America otchedwa WTI udatsika mpaka pansi pa ziro, wogulitsa kumalipira wogula kuti amuchotsere katundu. Matanki apamtunda adadzaza, ndipo amalonda adabwereka sitima kuti zingoima panyanja ngati nkhokwe. Ndalama zidagwa ngati mvula ya mkuntho, n'kutha ngati mvula ya mkuntho yomweyo. Chaka chotsatira, 2021, sitima zomwezo zinkalephera kupeza ndalama zokwanira kulipira antchito ndi mafuta oyendera. Ngakhale mu October 2019 mitengo idalumpha mochititsa mantha chifukwa choti America idaika chiletso pa nthambi zina za kampani ya COSCO ya ku China, ndipo sipadatenge nthawi kuti itsikenso. Ndi bizinesi ya chikomekome cha nkhuyu.

Chomwe chimandisowetsa mtendere kwambiri ndi sitima zamumdima. Ziletso za Russia, Iran ndi Venezuela zidatsegula msika wachiwiri. Sitima zokalamba, za zaka makumi awiri kapena kuposa, zomwe zikadayenera kukaphwasulidwa pagombe la Alang ku India kapena ku Chattogram ku Bangladesh, zidagulidwa ndi makampani omwe palibe akuwadziwa mwini wake. Zilipo mazanamazana. Zimasintha dzina, zimasintha mbendera, zimazimitsa kachipangizo kosonyeza pomwe zili, zimathirirana mafuta pakati panyanja usiku. Inshuwalansi yake ndi ya m'kamwa. Mu May 2023 sitima yotchedwa Pablo idaphulika kufupi ndi gombe la Malaysia, ndipo mwayi unali wakuti inalibe katundu. Tangoganizani ikadakhala yodzaza. Anthu a ku Spain amakumbukirabe Prestige, sitima yokalamba yomwe idathyoka pakati mu 2002 n'kudetsa gombe la Galicia. Ija inali ndi mwini wodziwika. Izi zikadzathyoka, mudzamanga ndani?

Ndipo onani momwe zimathandizira eni sitima ooneka aulemu. Sitima iliyonse yolowa mumdima yachoka pamsika wamba. America itaika ziletso pa sitima 183, zambiri zonyamula mafuta a ku Russia, pa 10 January 2025, ogula ku Asia adathamangira sitima zopanda mlandu, mitengo n'kudumpha m'masiku ochepa. Mwini sitima wa ku Oslo kapena ku Athens sadaphwanye lamulo lililonse, koma wadya nawo. Sindikumuweruza. Ndikungoti asamatinamize kuti ndi luso lake.

Chinthu chinanso chomwe chagwira mitengo m'mwamba ndi kuchepa kwa sitima zatsopano. Pambuyo pa njala ya 2021 eni ake adaopa kuitanitsa, komanso sankadziwa kuti injini ya mawa idzayendera chiyani, popeza malamulo a utsi akukhwimirakhwimira. Malo omangira sitima ku South Korea ndi ku China adadzaza ndi maoda a sitima za makontena ndi za gasi. VLCC yatsopano imadya madola oposa 120 miliyoni ndipo imatenga zaka ziwiri kapena zitatu kuti ifike m'madzi. Apa ndi pomwe pali msampha wakale wa bizinesiyi. Ndalama zikachuluka, aliyense amaitanitsa nthawi imodzi, sitima zonse zimafikanso nthawi imodzi, msika utazizira kale. Zidachitika pambuyo pa 1973, zidachitikanso pambuyo pa 2008. Maoda ayambanso kuchuluka.

Wina anena kuti OPEC+ idayamba kubweza mafuta ake pamsika kuyambira April 2025, ndiye katundu alipo weniweni. Zoona, ndipo VLCC zimakondwa Middle East ikatsegula mipope. Koma funso langa ndi lakuti mafutawo akupita m'injini kapena m'matanki osungira? China, yemwe amaitanitsa migolo pafupifupi 11 miliyoni patsiku, ndi yemweyo amene pafupifupi theka la magalimoto atsopano ogulitsidwa kwawo tsopano amayendera magetsi, kaya magetsi okha kaya ophatikiza ndi petulo. Sitima yoitanitsidwa lero ikuyenera kugwira ntchito zaka makumi awiri kuti ibweze ndalama bwinobwino.

Tsono ndikaona tchati cha Baltic Exchange ya ku London, chosonyeza mitengo yonyamulira katundu panyanja, chikukwera, ine sindifunsa kuti dziko likumwa migolo ingati. Ndimafunsa kuti ndi njira iti yatsekeka, ndani waikidwa chiletso sabata ino, ndipo pa Hormuz, kanjira kapanyanja pakati pa Iran ndi Oman pomwe pamadutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mafuta omwe dziko limagwiritsa ntchito, pali bata kapena ayi. Tsiku lomwe mafuta a ku Primorsk adzayambirenso kutsitsidwa ku Rotterdam, sitima zambiri zomwe lero zikuoneka zosowa zidzapezeka zitandandalika kunja kwa madoko a Fujairah (ku United Arab Emirates) ndi Singapore, nangula ali pansi, zikudikira foni.