Nthambo ya ku Tete payokha sidzathetsa mdima

A mtolankhani, mwalemba kuti nthambo yochokera ku Matambo ku Tete, m'dziko la Mozambique, kudzafika ku Phombeya ku Balaka ndiyo yothetsa kuzimazima kwa magetsi. Pamenepo mwafulumira. Nthambo ili ngati msewu basi, kwa anzathu kukapanda katundu, padzadutsa chiyani?

Kumbukirani 2024. Dziko la Zambia ndi lolumikizidwa kale ndi anzake a mu SAPP, mgwirizano wa mayiko a kum'mwera kwa Africa wogulitsana magetsi, koma madzi atachepa ku damu la Kariba pa mtsinje wa Zambezi, anthu a ku Lusaka ankagona mumdima, kudzukanso mumdima. Damu lopangira magetsi la Cahora Bassa, la ku Tete komweko, nalonso limamwa Zambezi yemweyo.

Chomwe simunatchule ndi dzuwa. Ku Salima kuli sola ya mamegawati 60, ku Golomoti ya 20. Masana zimathandizadi, koma mitambo ikangokuta, mphamvu imatsika nthawi yomweyo, ndipo pamafunika pena potapa msanga. Ntchito yeniyeni ya nthamboyi ili pamenepo. Ineyo ndimameta anthu pamsika. Makasitomala amadzaza akaweruka, cha m'ma 6 koloko, dzuwa litalowa, aliyense atayatsa mbaula yamagetsi. Tsiku lina magetsi anazima nditameta bambo wina mbali imodzi, anapita kwawo atavala chipewa changa. Ola limenelo ndi lomwe tikufuna magetsi akunja, pomwe anzathunso akuwafuna.

Ndiye mutifunsireko akuluakulu: mtengo wa madzulo ndi wofanana ndi wa masana? Nanga madola olipirira achokera kuti, poti a mafuta ndi feteleza omwe akuvuta kale?