Chikuhei Nakajima ndimamupatsa ulemu, koma mtima sukhazikika

Dzulo ndinakhala nthawi yaitali pagalaja kudikira makaniko, maso ali pa Subaru ina yomwe inali yotsegula kutsogolo, chizindikiro chake cha nyenyezi 6 chitada ndi oilo. Ndipomwe ndinakumbukira Chikuhei Nakajima, munthu amene mizu ya kampaniyi inachokera kwa iye.

Anabadwa mu 1884 m'banja la alimi m'chigawo cha Gunma ku Japan. Anaphunzira za mainjini pasukulu ya asilikali apamadzi, ndipo mu 1912 anamutumiza ku America, kukampani ya Curtiss, kuti akaone kapangidwe ka ndege. Kumeneko anaphunziranso kuulutsa. Chaka chomwecho m'pamene asilikali apamadzi a Japan anaulutsa ndege zawo zoyamba ku Oppama, zomwe zinkanyamuka ndi kutera panyanja.

Chimene chimandigwira mtima chinachitika mu 1917. Munthu wa udindo, wa malipiro otsimikizika, anavula yunifolomu n'kubwerera kwawo. M'kalata yake yotsanzika ananena kuti ndalama zomangira sitima imodzi yankhondo ngati Kongo zikhoza kupanga ndege 3,000, komanso kuti boma limayenda pang'onopang'ono chifukwa chilichonse chimadikira bajeti. Anayamba ntchito m'nyumba yowetera mbozi za silika, ali ndi anthu owerengeka. Taganizani fungo la matabwa, guluu ndi nsalu zokutira mapiko, m'dera lomwe anthu ankangodziwa khasu ndi ulusi.

Ndege zoyamba zinakanika. Zina zinangonyamuka pang'ono n'kugwa. Inali nthawi imene mtengo wa mpunga unakwera mpaka kudzetsa zipolowe mu 1918, ndiye anthu akumeneko ankaseka kuti chilichonse chikukwera kupatula ndege ya Nakajima. Kusekedwa ndi alendo n'kopepuka, koma awa anali anthu akwawo, omudziwa kuyambira ali mwana. Sanasiye. Mu 1919 ndege yake ya mtundu wachinayi inauluka bwino, asilikali apamtunda n'kuitanitsa 20. Chaka chomwecho anasemphana ndi Seibei Kawanishi, yemwe ankathira ndalama, mpaka kusiyana, koma kampani sinafe.

Mpaka apa ndimawomba m'manja ndi mtima wonse. Kuyambira pamenepa ndimavutika.

Nakajima anaona patali kuposa akuluakulu ake, zoona. Koma anaona chiyani? Anaona njira yotchipa yomenyera nkhondo. Mu 1930 analowa ndale n'kukhala phungu, mu 1937 anakhala nduna ya za njanji, chaka chomwe Japan inayamba nkhondo yaikulu ndi China. Kampani anali atasiyira mng'ono wake, koma dzina ndi mphamvu zinali zake. Ndege za B5N zomwe zinamiza sitima ku Pearl Harbor pa 7 December 1941 zinali za Nakajima. Ndege yankhondo yotchuka ija ya Zero inali ya Mitsubishi, koma injini yake ya Sakae inali ya Nakajima, ndipo mafakitale ake anapanga ma Zero ambiri kuposa eni akewo. Sindingamuyamikire chifukwa cha nyumba ya mbozi ija n'kutseka maso pa anthu amene anafa pansi pa mapiko amenewa. Amene amanena kuti injiniya amangopanga, wopha ndi wina, ine sindigwirizana nawo, makamaka pa munthu amene anakhalapo m'boma lomwe linkalamula nkhondoyo.

Ndipo moto unabwerera kwawo. Pa 24 November 1944 ndege za America zoponya mabomba za B-29 zochokera kuzilumba za Mariana zinapita koyamba ku Tokyo, ndipo zinkafuna fakitale yake ya mainjini ku Musashino. Mu February 1945 mabomba anagwa pa Ota, dera lomwe anayambira. M'mafakitalemo munkagwiranso ntchito ana asukulu otengedwa m'kalasi. Nkhondo itatha anamuika pa mndandanda wa oganiziridwa milandu ikuluikulu ya nkhondo, koma anamasulidwa mu 1947 osazengedwa mlandu. Anamwalira mu 1949.

Amene ndimawaganizira kwambiri ndi amisiri ake. Analetsedwa kupanga ndege, dziko lili phulusa, ana akufuna chakudya. Mu 1946 anatulutsa kanjinga kamoto kotchedwa Rabbit, ndipo koyeserera koyamba anakaika timatayala ta kumchira kwa ndege yoponya mabomba. Kampani inagawidwa zidutswazidutswa, zina n'kudzalumikizananso mu 1953 kukhala Fuji Heavy Industries, yomwe lero imatchedwa Subaru, ndipo mu 1958 kunabadwa kagalimoto ka Subaru 360 komwe banja wamba linkatha kugula. Manja ake anali omwewo, ophunzitsidwa kupeputsa chitsulo kuti chiuluke.

Makaniko uja atatseka Subaru ija anailiza, injini n'kugunda mwa kaliridwe kake kaja. Mpaka lero Subaru amazipanga ku Ota komweko.