Tikukalipira ana pa "me and John" pomwe vuto lenileni lili pa he ndi she

Abale anzanga, makamaka aphunzitsi ndi makolo, ndili ndi maganizo pa Chingerezi chomwe timaphunzitsa ana athu. Nkhani yanga ili pamene dzina lamwinimwini, monga Chisomo, Mzuzu kapena Shire, laima moyandikana ndi mperekezi kapena mlowam'malo. Ndikuona kuti mphamvu zathu zambiri zikuthera pa kalamulo kamodzi kosasokoneza munthu aliyense, pomwe zinthu zimene zimasocheretsadi womvera tikungozilekerera.

Amene anadutsa ku pulayimale akudziwa zomwe zimachitika mwana akanena kuti "me and Chisomo went to the market." Aphunzitsi amadzuka pampando: si choncho, nena kuti "Chisomo and I"! Phunziroli limalowa ndithu, koma limalowa theka. Mwana amangotolapo zoti me ndi mawu a anthu osaphunzira ndipo I ndiye mawu aulemu. Nchifukwa chake pa ukwati, pa msonkhano wa ku ofesi, ngakhale pa wailesi, mumamva munthu wophunzira bwino akuti "this gift is from Chisomo and I" kapena "between Mphatso and I." Potsata malamulo a Chingerezi cholembedwa, pamenepo palakwika. Pambuyo pa mperekezi, kaya ndi from, to, for, with kapena between, mlowam'malo amayenera kukhala me, him, her, us kapena them, ndipo kubwera kwa dzina la Chisomo sikusinthapo kanthu. Chotsanipo dzinalo mumve zotsalazo. Palibe anganene kuti "this gift is from I." Ndiye zolondola ndi "from Chisomo and me." Chimodzimodzi ndi dzina la mtundu wathu: "we Malawians work hard" pamene tili mwininkhani, koma "this land belongs to us Malawians" pamene mperekezi watsogola.

Khutu lathu silimva kulakwaku chifukwa m'Chichewa ine amakhala ine basi. "Ine ndi Chisomo tapita," "wapatsa ine ndi Chisomo," mawuwo sasintha, ndipo kudzitchula poyamba si mwano kwa ife. Komanso eni chiyankhulo ku London ndi ku New York amanena "me and John" tsiku ndi tsiku, ena mpaka "between you and I," koma palibe amasochera. Pa mayeso mwana alembe zolondola, inde. Koma aka ndi kalamulo kongokongoletsa, tanthauzo silitayika.

Pamene tanthauzo limatayika ndi pa he ndi she. Chichewa chili ndi iye mmodzi yekha, wa mwamuna ndi wa mkazi yemwe. Tikati "wabwera" sitiulula ngati ndi mnyamata kapena mtsikana, ndipo mayina athu ambiri nawonso saulula: Chikondi, Chimwemwe, Thokozani, Pemphero, Mphatso. Chingerezi sichilola zimenezo. Ukangotchula dzina m'chiganizo choyamba, chachiwiri chimakukakamiza kusankha, he kapena she, his kapena her, ndipo womvera amadalira timawu timeneti kuti adziwe amene wachita chinthu. Mmalawi woyankhula Chingerezi chosalala akhoza kuyamba nkhani ya Mary ndi she, pakati n'kulowa he, kumapeto n'kubwerera ku she, iye osamva kalikonse, pomwe womvera wayamba kale kufunafuna mwamuna yemwe m'nkhanimo mulibe.

Taganizirani kumene zimenezi zimapweteka. Mboni ikufotokoza ku polisi za mkangano wa Mary ndi Joseph, n'kulemba kuti "he hit her" pamene imafuna kunena kuti mayiyo ndiye anamenya bamboyo. Namwino akulemba lipoti losiyira mnzake wa usiku, m'chipinda momwe muli odwala awiri, bambo ndi mayi, n'kusokoneza amene walandira kale mankhwala. Abale athu ambiri akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain, ena m'nyumba za anthu ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo ntchito zimenezi zimayenda ndi malipoti otere. Apa ndiye pofunika kubwereza phunziro mpaka khutu la mwana lizolowere. Ndipo pali njira yachidule imene sitiwauza ana: pamene m'nkhani muli anthu awiri, bwereza dzina. "Mary hit Joseph" palibe angaimve molakwika. Ana amaopa kubwereza dzina chifukwa anauzidwa kuti kutero n'kusadziwa kulemba, chonsecho chiganizo chomveka chimaposa chiganizo chokoma chosocheretsa.

Nanga kalata ikachokera kwa Chimwemwe Phiri, yemwe simunamuonepo, mumutchula he kapena she? Chingerezi chili ndi yankho lakale: they wa munthu mmodzi, yemwe akupezeka m'zolembedwa kuyambira m'zaka za m'ma 1300. Mu 2019 kampani yosindikiza madikishonale ya Merriam-Webster inasankha they kukhala mawu a chaka. Choncho "someone called Chimwemwe wrote, and they want a reply" ndi Chingerezi chovomerezeka, ngakhale aphunzitsi ena akadachidulabe ndi cholembera chofiira.

Koma they wathu wa ku Malawi ndi wina. Ndi they wa ulemu. Timati "a Phiri afika," "amayi akudwala," ndipo mwana woleredwa bwino akafika pa Chingerezi lilime limakana kutchula bambo ake kuti he. Amati "my father, they are coming." Ine mwana ameneyu sindimuseka ngakhale pang'ono, chifukwa chimene chikumulakwitsa ndi khalidwe labwino. Chofunika n'kumuuza kuti mzungu akamva zimenezo amakonza mipando yambiri, poganiza kuti kukubwera gulu. Mwanayo auzidwenso kuti Chingerezi nachonso chinali ndi ulemu woterewu kale. Munthu mmodzi wa msinkhu wako kapena wochepera unkamutchula thou, ndipo you anali wa anthu ambiri kapena wa munthu wamkulu, ndendende ngati iwe ndi inu. Pofika m'zaka za m'ma 1600 you anali atafalikira kwa aliyense, moti a chipembedzo cha Quaker, otsatira George Fox, ankazunzidwa chifukwa choumirira kunena thou ngakhale kwa oweruza ndi akuluakulu. Lero thou watsala m'mapemphero, m'nyimbo za kutchalitchi ndi m'kayankhulidwe ka madera ena a kumpoto kwa England. Mwana akamva mbiri imeneyi amasiya kuganiza kuti chiyankhulo chake n'chopereŵera, ndipo amamvetsa kuti he wonena za bambo ake si chipongwe.

Ulemu wa m'Chingerezi umakhala pa mawu otsogolera dzina, ndipo apanso pali misampha. Mr, Mrs ndi Dr amayenda ndi dzina la makolo: Mr Phiri, osati Mr John. Sir wa ulemu wochokera kwa mfumu ya ku Britain amachita zosiyana, amayenda ndi dzina loyamba. David Attenborough ndi Sir David, osati Sir Attenborough. Msampha waukulu kwa ife ndi ka a kathu. Tikamasakaniza ziyankhulo timati "a Mr Phiri abwera," ndipo n'zaulemu. Koma mlembi akalemba m'Chingerezi kuti "a Mr Phiri came to see you," tanthauzo lake ndi loti kunabwera munthu wina wake wotchedwa Phiri, amene sitikumudziwa. Kamawu komwe kwa ife kamakweza munthu, uko kamamusandutsa mlendo wosadziwika.

Pa aperekezi ndi mayina a malo, Chichewa chimayenda ndi ku, pa ndi mu, ndipo ntchito yosonyeza kolowera imasiyidwira mneni. Ndili ku Zomba, ndikupita ku Zomba, ndikuchokera ku Zomba: ku sasuntha. Chingerezi chimasenzetsa katunduyo mperekezi: in Zomba, to Zomba, from Zomba. Mwana wolemba kuti "I am going in Zomba" sanalote, wangotenga ku mmodzi n'kumupatsa mnzake mmodzi. Mphunzitsi atalemba ziganizo zitatuzi pa bolodi, Chichewa kumanzere, Chingerezi kumanja, mwana akhoza kuona yekha chomwe chikuchitika.

Zotsalazo zimatsata kukula ndi maonekedwe a malo. Dziko ndi mzinda zimatenga in, malo amodzi odziwika amatenga at: munthu amafika in Johannesburg koma amatera at OR Tambo, bwalo la ndege la mumzindawo, ndipo arrive sayenda ndi to. Chilumba chaching'ono chimatenga on, choncho ndi on Likoma. In Mulanje ndiye kuti uli m'boma kapena m'tauni, on Mulanje uli pamwamba pa phiri. Sitima imatenga on ndi the, monga on the Ilala, ija yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951. Amalinyero amaitchula she, ngakhale nyuzipepala ya za sitima ya Lloyd's List inasiya zimenezo mu 2002 n'kuyamba kulemba it. Mitsinje imafuna the, the Shire, the Zambezi, koma Lake Malawi ndi Mount Mulanje safuna. Izi n'zoloweza, ndipo wolakwitsa amamvekabe. Komabe the si wamasewera nthawi zonse. Dziko la Ukraine litadziyimira palokha mu 1991 linakana kutchedwa the Ukraine, chifukwa katchulidweko kamamveka ngati ndi chigawo cha dziko lina. The Gambia inachita zosiyana, inapempha mu 1964 kuti The akhalepo, mwa zina pofuna kuti anthu asamaisokoneze ndi Zambia.

Chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi kwa. Ife sitinena kuti "ndagona ku Mphatso," timati "ndagona kwa Mphatso," chifukwa munthu si malo. Chingerezi chimadziwanso zimenezi, kungoti chimaika chizindikiro chake kumapeto kwa dzina: "I slept at Mphatso's," "we are going to Mphatso's." Ana amalemba "I slept at Mphatso" chifukwa palibe anawauza kuti ka s kaja, kokhala ndi nkhodolero patsogolo, kakugwira ntchito ya kwa. Ndi chinthu chofotokozeka m'mphindi zochepa, koma pokhapokha ngati mphunzitsi ali ndi ufulu wotchula mawu a Chichewa m'kalasi ya Chingerezi.

Palinso mawu athu oti "ndi," omwe ana amawatembenuza kukhala with paliponse. "Anakwatiwa ndi Joseph" amasanduka "she is married with Joseph," pomwe Chingerezi chimafuna married to. Married with amayembekezera mawu ngati two children, kutanthauza kuti ali pabanja ndipo ali ndi ana. Ndipo pa ngongole ndiye pamabuka milandu. Kubwereka ndi kubwereketsa timazisiyanitsa ndi kamphatikiri kakang'ono, pomwe Chingerezi chili ndi aneni awiri, aliyense ndi mperekezi wake: borrow from Chisomo, lend to Chisomo. Munthu akalemba pa WhatsApp kuti "I borrowed Chisomo fifty thousand" palibe angatsimikize amene ali ndi ngongole kwa mnzake, ndipo uthenga umenewo ukadzafika pa bwalo udzavuta kuuŵerenga ngati umboni.

Pempho langa likupita kwa akuluakulu a masukulu omwe amalanga mwana akayankhula Chichewa pa sukulu, mpaka mphunzitsi naye amaopa kuchitchula. Ndikumvetsa cholinga chanu. Chingerezi n'chokakamiza pa MSCE, ndipo mwana akachilephera satifiketi sapata ngakhale atakhoza maphunziro ena onse. Koma zolakwa zomwe ndatchulazi sizichokera ku ulesi, zimachokera ku malamulo a Chichewa omwe mwana anawadziwa asanayambe sukulu, ndipo sizichoka ngati sanaonetsedwe komwe zikuchokera. Loleni mphunzitsi wa Sitandade 5 kapena wa Fomu 1 aike iye pambali pa he ndi she, kwa pambali pa at Mphatso's, ku pambali pa in, to ndi from. Nthawi yomwe imathera pothamangitsa "me and John" ipite ku nkhani zazifupi za anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, zomwe mwana azifotokoza pakamwa anzake akumvetsera ngati he ndi she akhala m'malo mwawo kuyambira poyamba mpaka pomaliza.