Mtsinje si chimbudzi

Lero m'mamawa ndikupita kudimba ndapeza galimoto yopopa zimbudzi itaima m'mphepete mwa dambo, paipi ili pansi, ikukhuthula manyi. Fungo lake mpaka pano silinachoke m'mphuno mwanga. Ndawafunsa oyendetsawo kuti, "Achimwene, simukudziwa kuti kumunsiku kuli anthu?" Angoti kotayira n'kutali ndiponso mafuta adula, basi n'kuliza galimoto ulendo.

Ndapsa mtima kwambiri, ndipo sindibisa. Kumunsi kwa pomwe amakhuthulapo amayi amachapa, ana amasamba, ng'ombe zimamwa. Alipo ena amakumba zitsime zam'dambo n'kutunga madzi akumwa. Madzi omwewo ndi amene timathirira mpiru, repu ndi tomato, mawa lake ndiwozo zili pamsika wa Kasungu. Ndiye inu amene mwalipira kuti akupopereni chimbudzi, mwaona ngati zachoka pakhomo panu? Zibwera m'mbale mwanu, pambali pa nsima.

Mtsinje si chimbudzi, abale. Dambo si dzala. Madzi oyenda sasungunula uve kuti uzimiririke, amangounyamula kukapatsa wina. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Mvula yoyamba ikangogwa, zonse zatayidwa lerozi zitsetsereka kulowa m'mitsinje, ndipo mitsinje yathu kuno, kaya Bua kaya Dwangwa, imakathera m'nyanja ya Malawi ku Nkhotakota. Mu Bua ndi momwe mpasa imakwera kukaswana. Ifenso tili pano kudikira usipa wochokera kunyanja komweko.

Chikundiwawa n'chakuti njira yake ilipo, si zamatsenga. Zoipazi zimayenera kukathiridwa m'maiwe okonzedwera ntchito imeneyi, ngati a ku Kauma ku Lilongwe. Zolemera zimadikha pansi, madzi amasefukira m'dziwe lachiwiri, kenako lachitatu, akukhalitsa masiku ambiri mpaka dzuwa ndi tizilombo todya zoola titachepetsa uve ndi majeremusi. Akatero m'pamene amaloledwa kupita kumtsinje, atayezedwa kaye. Kulumpha zonsezi n'kukhuthula zaziwisi m'dambo ndi kupha anthu mwakachetechete. Malamulo aliponso, la zamadzi la 2013 ndi la zachilengedwe la 2017, ndipo salola munthu kuipitsa madzi mwachisawawa. Tauni yakula, nyumba zamasepitiki tanki zachuluka, ndalama n'zovuta, zonsezo tikudziwa. Koma palibe chimodzi mwa izi chimene chimasandutsa mtsinje kukhala chimbudzi.

Kodi tayiwala kale? Kolera ya 2022 mpaka 2023 idatenga anthu opitirira 1,700 m'dziko muno. Tidaika maliro mothamanga, opanda kusambitsa mtembo, opanda kuphika nsima pasiwa. Tinkathira kolorini m'ndowa iliyonse, kupatsana moni wa pamanja tidasiya. Mu 2017 anthu a ku Area 18 ku Lilongwe adatsegula mipopi m'nyumba zawo n'kutuluka madzi osakanikirana ndi zam'suweji. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kolera safunsa kuti uli ndi mpopi kapena umatunga pachitsime, ikalowa m'dera yalowa.

Ine sindikupempha zambiri. Wopopa zimbudzi aliyense akatayire pamalo oyenera, ndipo wopezeka akutaya m'dambo alandidwe chiphaso. Inu eni nyumba, musanapereke ndalama funsani kuti akukataya kuti. Wotchipa kwambiri uja nthawi zambiri ndi amene amakhotera kudambo kusanache. Mafumu athu, damboli lili m'dera lanu, musakhale chete.

Ndipo inu amayi ndi abambo otaya matewera ogula aja pansi pa mlatho, mukuganiza kuti amapita kuti? Sawola amene aja. Sabata yatha ndavuula asanu ndi khasu pamalo pomwe ndimatunga madzi othirira, ena agalu atawang'amba kale.