Munda wa mpesa wa ku Sanssouci ndi wofunika kuposa nyumba yake

Anthu ambiri amene amapita ku paki ya Sanssouci, mumzinda wa Potsdam ku Germany, amathamangira kujambula nyumba yachifumu imene ili pamwamba pa chitunda, koma ine ndimaona kuti chamtengo wapatali pamalopo ndi munda wa mpesa umene amaudutsa pokwera masitepe 132 aja. Mundawu ndiwo unayamba. Mfumu Frederick II ya ku Prussia, ufumu wakale wa m'dera la Germany, inalamula mu 1744 kuti chitundacho chisemedwe kukhala magawo asanu ndi limodzi osanjikizana, ndipo nyumbayo inamangidwa pambuyo pake, kuyambira 1745 mpaka 1747.

Luso la amisiriwo limandigometsa. Dera la Potsdam ndi lozizira kwambiri, ndipo kumeneko dzuwa limadzera chakummwera, choncho makoma onse anawayang'anitsa mbali imeneyo ndi kuwapinda pakati kuti atole kutentha tsiku lonse. Mpesa wochokera ku Portugal, Italy ndi France ankauyanzika pamakomapo, pomwe mikuyu, imene imaopa chisanu, inabzalidwa m'timapanga 168 tokhala ndi zitseko zamagalasi. Mphesazo zinali zodyera patebulo, chifukwa mfumuyo inkakonda zipatso kwabasi.

Patapita nthawi makoma onse anakutidwa ndi magalasi, mpaka cha m'ma 1980 pamene akatswiri a m'dziko lakale la East Germany anabwezeretsa maonekedwe oyambirira. Ena angadandaule kuti magalasi amene anachotsedwawo analinso mbali ya mbiri, ndipo dandaulo limenelo ndi lomveka, komabe ndikugwirizana ndi chisankhocho chifukwa tsopano mlendo amaona yekha mmene khoma, dzuwa ndi mbewu zinkagwirira ntchito limodzi.

Chimene chimandikhudza mtima kwambiri ndi munda winanso wachifumu wa pa chitunda cha Klausberg, chakumadzulo kwa paki yomweyo, umene unakhazikitsidwa mu 1769 koma unasanduka tchire itatha nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Bungwe la Mosaik, limene limalemba ntchito anthu aulumali, ndilo linalambula malowo ndi kubzalanso mpesa, moti lero akukolola mphesa ndi kufulula vinyo. Kukonza makoma kumatha, koma mpesa umafuna woudulira ndi woumangirira chaka chilichonse, ndipo ndikufuna kuti anthu amenewa azitchulidwa nthawi zonse pamene dzina la mfumu likutchulidwa pankhani ya mundawu.